Nkhani za zinjoka ndi amatsenga zimene ana akuwerenga pa foni: n'chiyani, zimayenda bwanji, zabwino zake zili kuti?

Kuchokera ku Ulónguè mpaka ku Furancungo, ku Zóbuè ngakhale mumzinda wa Tete momwe, makolo ambiri ali ndi funso lofanana pa mafoni a ana awo. Mwana wagona chafufumimba, maso ali pa foni mpaka tambala woyamba. Mukasuzumira simuona uthenga wa WhatsApp ayi, koma chithunzi cha mnyamata wonyamula lupanga loyaka moto, kapena chinjoka chamapiko, kapena mizere yambirimbiri ya Chipwitikizi yokamba za mafumu a dziko limene palibe analimvapo. Mukamufunsa amangoti, "Ndi fantasia, amayi," kapena "Ndi gemu chabe, abambo." Ena atero kuti ndi zausatana. Ena akuti bola mwana akuwerenga kusiyana n'kumangozungulira pamsika. Aphunzitsi nawo sagwirizana: ena amaona ntchito ya kusukulu ikugona, anzawo amaona ana amene kale sankagwira buku akumaliza masamba mazanamazana.

Mkanganowu umavuta kuuthetsa chifukwa anthu amaphatikiza zinthu zitatu zosiyana. Pali nkhani zolembedwa, pali masewera amene anabadwa kuchokera ku nkhanizo, ndiponso pali malonda amene amangidwa pamwamba pa zonse ziwiri. Munthu akazilekanitsa amatha kuona chimene chikumudetsa nkhawa kwenikweni, ndiponso chimene chili choyenera kuchifunafuna.

Fantasy n'chiyani

Fantasy, imene m'Chipwitikizi amati fantasia, ndi nkhani yopeka imene mwadala imalowetsamo zinthu zosatheka: nyama zolankhula, mphete yochititsa munthu kusaoneka, mzinda woyandama m'mitambo. Wolemba amadziwa kuti wapeka, wowerenga amadziwanso, ndipo awiriwa amapangana kuti pa nthawi imene bukulo lili m'manja azizitenga ngati zoona. Ili ndi mbale wake wotchedwa science fiction, mmene zodabwitsa zimachokera ku sayansi ndi makina, monga ulendo wa ku nyenyezi kapena dziko la zaka 500 zikubwerazo. Ziwirizi, pamodzi ndi nkhani zoopseza, pa intaneti mudzazipeza pansi pa dzina limodzi lakuti speculative fiction.

Aliyense amene anakula akuyankha "tili tonse" agogo akati "padangokhala" amaidziwa mbewu ya zimenezi. Kalulu amaweruza mlandu, fisi amadzisandutsa mnyamata kukafunsira mbeta, mtsikana womezedwa ndi chilombo amatuluka wamoyo, ndipo palibe mwana amene amadzuka m'mawa kukafunsa kalulu nzeru. Kusiyana kwake n'kwakuti nthano imatha moto usanazime, pomwe buku la fantasy limatha kupitirira masamba 1,000, lili ndi mapu ake, mibadwo ya mafumu ake ndi malamulo a mmene dziko lakelo limayendera.

Amene anaumba mtundu wa fantasy wofala masiku ano ndi J.R.R. Tolkien, mphunzitsi wa zinenero zakale pa yunivesite ya Oxford, yemwe anabadwira ku Bloemfontein ku South Africa mu 1892. Buku lake la The Hobbit linatuluka mu 1937, ndipo The Lord of the Rings, limene owerenga Chipwitikizi amalidziwa kuti O Senhor dos Anéis, linatuluka m'magawo atatu mu 1954 ndi 1955. Iye anayamba ndi kupeka zinenero, kenako n'kupeka anthu ozilankhula, dziko lawo ndi mbiri yawo, akutapa m'nthano zakale za ku England, Scandinavia ndi Finland. Olemba ambiri anatsata mapazi ake, n'chifukwa chake kwa zaka zambiri fantasy inkaoneka ngati ya kumpoto kwa Ulaya kokha: nyumba zamalinga, asilikali okwera pa akavalo, nyengo yozizira koopsa.

Koma Africa sinayambe dzulo. Mu 1938, chaka chimodzi chokha The Hobbit itatuluka, D.O. Fagunwa wa ku Nigeria anatulutsa buku m'chinenero cha Yoruba lonena za mlenje wolowa m'nkhalango yodzala mizimu, ndipo Wole Soyinka analimasulira m'Chingerezi mu 1968. Amos Tutuola anatsatira mu 1952 ndi The Palm-Wine Drinkard. Kwathu kuno, Terra Sonâmbula ya Mia Couto, ya mu 1992, imasakaniza amoyo ndi akufa pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni. Akatswiri ambiri saiika m'gulu la fantasy, chifukwa zodabwitsa zake zimachitika mu Mozambique weniweni osati m'dziko lopeka, koma wowerenga amene wakonda limodzi sachedwa kukonda linalo.

Dziko lopeka lili ndi malamulo

Ambiri amaganiza kuti m'nkhani yamatsenga chilichonse chimatheka. Zikanatero sibwenzi anthu akuziwerenga, pakuti ngwazi imene ingathe zonse ilibe chodetsa nkhawa, ndipo wowerenga alibe chodikira. Wolemba waluso amaika malire. M'buku la Ursula K. Le Guin la A Wizard of Earthsea, la mu 1968, munthu amalamulira chinthu pokhapokha atadziwa dzina lake lenileni, ndipo chilichonse chimene wasintha chimasokoneza china kwinakwake. Mnyamata wa m'bukuli, pofuna kudzionetsa pamaso pa mnzake, amamasula mthunzi woipa umene umamulondola kulikonse kumene wapita. Mukachotsa matsengawo, yatsala nkhani ya kunyada kwa wachinyamata ndi mtengo wake.

Brandon Sanderson, wolemba wa ku America amene maphunziro ake a kalembedwe ali pa YouTube kwaulere, anafotokoza mfundo imeneyi mu 2007. Mwachidule, iye amati wolemba angathetse vuto la m'nkhani pogwiritsa ntchito matsenga molingana ndi mmene wowerenga akuwamvetsera matsengawo. Apa ndi pamene mungayesere buku. Ngati ngwazi yapanikizidwa, mwadzidzidzi n'kutulukira mphamvu yatsopano imene sinatchulidwepo, wolembayo wachita ulesi. Ngati yapulumuka ndi chinthu chimene munachiona pa tsamba 40 koma simunachilabadire, mwapeza mmisiri.

Malamulowa ndi amenenso amachititsa kuti fantasy ikhale malo oyeserapo maganizo. Wolemba amasintha chinthu chimodzi m'dziko, n'kuona zotsatira zake pa anthu. Le Guin yemweyo mu 1973 analemba kankhani ka masamba ochepa kotchedwa The Ones Who Walk Away from Omelas. Ndi ka mzinda wa mtendere ndi chisangalalo, koma chisangalalo chonsecho chimadalira kuti mwana mmodzi azikhala wotsekeredwa m'kachipinda kamdima, ndipo aliyense mumzindamo amadziwa. Ambiri amavomereza. Ena ochepa amanyamuka n'kuchoka. Kankhaniko sikanena kuti olondola ndani. Munthu wa m'chigawo chino, amene anaona midzi ikusamutsidwa kuti malasha a ku Moatize akumbidwe kapena amene makolo ake amakumbukira madzi a Cahora Bassa akukwera, sangakawerenge ngati nkhani yakutali, kaya iyeyo ali mbali iti pa nkhani za chitukuko.

Mmene buku linasandukira masewera

Mu 1974, Gary Gygax ndi Dave Arneson a ku America anatulutsa masewera otchedwa Dungeons & Dragons. Sankafuna kompyuta. Ankafuna pepala, pensulo, madayisi ndi anthu angapo okhala mozungulira tebulo. Masewera a mtundu umenewu amatchedwa RPG, kutanthauza kuti aliyense amasewera ngati munthu wina wa m'nkhani.

Taganizirani nthano ija ya pamoto, koma tsopano omvera sakungoyankha "tili tonse". Aliyense wagwira munthu wake m'nkhanimo ndipo ndiye akusankha zochita. Mmodzi ndi wotsogolera, amene m'Chipwitikizi amamutcha mestre. Iyeyu ndiye amafotokoza dziko, amalankhulira adani ndi anthu onse okumana nawo panjira. Enawo ali ndi pepala lolembapo munthu wawo: dzina, ntchito yake, katundu amene wanyamula, ndi manambala asanu ndi limodzi osonyeza mphamvu zake, changu, kulimba kwa thupi, nzeru, kuzindikira ndi luso lokopa anthu.

Tinene kuti wotsogolera wati: "Mwafika pamtsinje wodzaza, mlatho wakokoloka, kumbuyo kukumveka mgugu wa adani. Mutani?" Amene akusewera ngati mlenje akuyankha kuti asambira ndi chingwe akachimangirire kutsidya. Wotsogolera amaika nambala yosonyeza kuvuta kwa ntchitoyo, tinene 15. Mlenje amaponya dayisi ya mbali 20 n'kuwonjezerapo nambala ya mphamvu zake, tinene 3. Dayisi ikagwa pa 12 kapena kuposerapo, wawoloka. Ikagwa pa 11 kapena kutsika, madzi amutenga, ndipo anzake ayenera kuganiza msanga zomupulumutsa. Mwayi wake wowoloka ndi 9 pa 20, kapena kuti 45 pa 100 alionse, ndipo osewera ozolowera amawerengera zimenezi m'mutu asanasankhe chochita. Palibe amene amadziwiratu mathero, ngakhale wotsogolera yemwe. Palibenso wopambana mnzake, chifukwa onse ali mbali imodzi.

Manambala amenewa ndi amene anasamukira m'makompyuta. Mwana akamati munthu wake "wakwera level", kapena mukaona kamzere kofiira kosonyeza moyo umene watsala, zonsezo ndi zidzukulu za pepala la mu 1974 lija. Magemu monga Final Fantasy, imene inayamba ku Japan mu 1987, ndi World of Warcraft ya mu 2004, anangopatsa makina ntchito ya wotsogolera ndi madayisi. Mabuku ndi magemu akhala akubwerekana kuyambira pamenepo. The Witcher inayamba ngati nkhani za Andrzej Sapkowski wa ku Poland isanakhale gemu mu 2007. George R.R. Martin, mlembi wa A Game of Thrones ya mu 1996, anathandiza kupeka mbiri ya dziko la gemu ya Elden Ring ya mu 2022. Ku Cameroon, kampani ya Kiro'o Games inatulutsa Aurion mu 2016, gemu yomangidwa pa zikhalidwe za mu Africa.

Kenako mtsinje unabwerera m'mbuyo. Panabadwa nkhani zolembedwa zimene dziko lake limayenda ngati gemu, ngwazi ikuona manambala ake akukwera pamaso pake. Zimenezi amazitcha LitRPG, ndipo zambiri mwa zimene achinyamata amawerenga pa foni n'za mtundu umenewu kapena zofanana nawo. Chitsanzo chodziwika ndi Solo Leveling ya ku South Korea, imene inafala ngati nkhani ya pa intaneti kuyambira mu 2016, n'kukhala ya zithunzi mu 2018, kenako makatuni a pa kanema mu 2024. Kukoma kwake n'kosavuta kukumvetsa: munthu wonyozeka amayamba pansi penipeni, ndipo khama lililonse limene wachita limalipidwa pompopompo, poonekera. Kwa mnyamata amene wamaliza kalasi 12 koma ntchito sikuoneka, dziko lotere limakoka mtima.

Tisasokoneze: Free Fire, gemu ya kampani ya Garena imene inatuluka mu 2017 ndipo yadzaza m'mafoni ambiri, si fantasy ndipo si RPG. Ndi mpikisano wowomberana, anthu okwana 50 pachilumba, wotsala yekha ndiye wapambana. Mulibe nkhani yoti munthu n'kuitsata.

Pamene pamalowera ndalama

Zambiri mwa zinthuzi zimalengezedwa kuti n'zaulere, ndipo poyambira zimakhaladi zaulere. Mapulogalamu ambiri a nkhani za pa foni amakupatsani mitu yoyambirira kwaulere, kenako mutu uliwonse wotsatira umafuna timakobiri ta mu pulogalamumo, togulidwa ndi ndalama zenizeni. Popeza wolemba amapindula malinga ndi kuchuluka kwa mitu imene yatsegulidwa, nkhani imakokedwa mpaka mitu 1,000 kapena kuposa, ndipo mutu uliwonse umathera pamene lupanga lili m'mwamba. Si kuti olemba onsewo alibe luso. Malipiro ndiwo amaumba kalembedwe.

M'magemu njira yake ndi yofanana. Kusewera n'kwaulere, koma zovala, zida zokongola ndi anthu apadera zimagulidwa ndi ndalama za m'gemumo, monga madiamante a mu Free Fire, amene munthu amawapeza atalipira mametikali enieni. Chovuta kwambiri ndi chimene amachitcha loot box: bokosi limene mumalipira musanadziwe zamkati, mwina mupeza chinthu chosowa, kawirikawiri mupeza chachabechabe. Mu 2018 bungwe loona za juga ku Belgium linagamula kuti mabokosi olipira oterewa ndi juga. Mayiko ena ambiri sanafike pamenepo, ndipo makampani amati munthu sataya chifukwa nthawi zonse amalandira kenakake. Mulimonsemo, kholo limene foni yake ili ndi M-Pesa kapena e-Mola lichita bwino kusunga nambala yachinsinsi pa lokha.

Nanga za kukodwa nazo? Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika vuto la kusewera magemu mopitirira muyezo m'ndandanda wake wa matenda mu 2019, ndipo ndandandawo unayamba kugwira ntchito mu Januwale 2022. Koma malire ake ndi okhwima. Munthu ayenera kukhala kuti akulephera kudziletsa, waika gemu patsogolo pa zina zonse, ndipo akupitiriza ngakhale zikumuwonongera sukulu, ntchito kapena ubale ndi anthu, kawirikawiri kwa miyezi 12. Bungweli limanenanso kuti ndi ochepa mwa osewera amene amafika pamenepo. Mwana wosewera Loweruka masana ndi anzake, ntchito zapakhomo atamaliza, sali m'gulu limeneli.

Funso la ufiti ndi chikhulupiriro

Ili ndiye funso lolemera, ndipo siliyenera kupeputsidwa. Ambiri mwa mabukuwa analembedwera anthu amene kwa iwo mfiti ndi munthu wa m'nthano basi, wovala chipewa chosongoka. Kwathu mawu amenewa ali ndi mano. Agogo akhoza kuthamangitsidwa pamudzi chifukwa cha iwo, abale akhoza kuleka kudyera mbale imodzi. Choncho mayi wa ku Dómuè akaona mwana wake akuwerenga za sukulu yophunzitsa matsenga n'kuchita mantha, sikuti ndi umbuli. Akuwerenga chithunzicho ndi maso a dziko limene iye akukhalamo.

Mkanganowu suli kuno kokha. M'zaka za m'ma 1980 ku America kunabuka mantha aakulu akuti Dungeons & Dragons imakokera ana ku usatana, ngakhale kuti umboni wa zimenezo sunapezeke. Mabuku a Harry Potter, amene loyamba lake linatuluka mu 1997, anali pamwamba pa ndandanda wa bungwe la malaibulale la ku America wa mabuku amene anthu anapempha kwambiri kuti achotsedwe pakati pa 2000 ndi 2009. Akhristu otsutsa amatchula Deuteronomo 18, ndime 10 mpaka 12, pamene kuwombeza ndi nyanga zaletsedwa, ndipo amati chinthu choletsedwa sichiyenera kukometseredwa ngakhale m'nkhani yopeka.

Akhristu ena amaona mosiyana. Tolkien anali Mkatolika wolimbikira. Mnzake C.S. Lewis, amene analemba mabuku asanu ndi awiri a Narnia pakati pa 1950 ndi 1956, anaikamo mkango umene umafa m'malo mwa mwana wolakwa n'kuukanso, ndipo owerenga ambiri amaona Khristu mwa mkangowo. The Pilgrim's Progress ya John Bunyan, ya mu 1678, imene amishoni anaimasulira m'zinenero zambiri za mu Africa, ili ndi ziphona ndi zilombo zake. Kwa a mbali iyi, chofunika si kupezeka kwa zodabwitsa m'nkhani koma chimene nkhaniyo imachitcha chabwino ndi chimene imachitcha choipa.

Banja lililonse ndi mpingo uliwonse uli ndi poima pake. Chimene tinganene mosakayika n'chakuti mawu amatsenga a m'mabukuwa ndi opeka, ena ndi Chilatini chopotozedwa chabe, ndipo dayisi ya mbali 20 ndi chida chowerengera mwayi, si ula. Tinganenenso kuti fantasy si ya ana yonse. Mabuku ena otchuka pa TikTok ali ndi zachiwerewere ndi nkhanza zolembedwera akuluakulu, ngakhale chikuto chake chikuoneka ngati cha nthano. Pa magemu pamakhala nambala ya msinkhu woyenera, monga 7, 12, 16 kapena 18, ndipo imaoneka pa Google Play munthu asanatsitse gemuyo. Pa mabuku njira yodalirika ndi yakale ija: kuwerengako mitu iwiri, kapena kumuuza mwana kuti akufotokozereni nkhaniyo. Mwana amene buku lamugwira mtima salephera kulifotokoza.

Zoyenera kuwerenga pa intaneti

Choyamba n'chakuti kuwerenga sikudya mamega. Buku lathunthu la mawu okhaokha kawirikawiri silifika mega imodzi, pomwe kanema wa mphindi zochepa amadya kuposa pamenepo. Mukalitsitsa ngati fayilo ya EPUB, mtundu wa fayilo wa mabuku a pa foni, mumaliwerenga popanda netiweki, kumunda kapena m'chapa wopita ku Tete.

Kwa odziwa Chingerezi, ndipo m'maboma a m'malire monga Angónia ndi Tsangano alipo ambiri amene anaphunzirako ku Malawi, poyambira pabwino ndi Omenana. Ndi magazini ya pa intaneti imene inayambika ku Nigeria mu 2014, yofalitsa nkhani zazifupi za olemba a mu Africa, ndipo imawerengedwa kwaulere. Ndimaiika patsogolo chifukwa m'menemo zodabwitsa zimachitika m'misika, m'mabasi ndi m'midzi yofanana ndi yathu. Strange Horizons, imene inayamba mu 2000, imatulutsa nkhani, ndakatulo ndi ndemanga za mabuku kwaulere, ndipo ndi mmenemo muli zambiri mwa zokambirana za Geoff Ryman ndi olemba a mu Africa pansi pa mutu wakuti 100 African Writers of SFF. Clarkesworld, ya mu 2006, imapendekera ku science fiction ndipo nkhani zake zimapezekanso zowerengedwa mokweza. Reactor, imene mpaka 2024 inkatchedwa Tor.com, ndi yabwino kwa wofuna nkhani zofotokoza maganizo a m'mabuku ndi magemu.

Mayina a olemba oti muwafunefune alipo. Nnedi Okorafor, Mmerika wa makolo a ku Nigeria, anapata mphotho ya World Fantasy mu 2011 ndi buku la Who Fears Death, ndipo Binti inamupatsa mphotho za Hugo ndi Nebula mu 2016. Namwali Serpell wa ku Zambia anapata mphotho ya Arthur C. Clarke mu 2020 ndi The Old Drift, buku loyambira m'mbali mwa Zambezi yemweyu. Ku Malawi, Shadreck Chikoti analemba Azotus the Kingdom, nkhani ya Africa wa m'tsogolo. Kuyambira mu 2017 pali mphotho za Nommo, zoperekedwa ndi African Speculative Fiction Society, ndipo ndandanda wa opikisana ndi kalozera wabwino kuposa zimene foni imakusankhirani yokha.

Kwa owerenga Chipwitikizi, zambiri zimachokera ku Brazil, kumene RPG ili ndi mizu yozama. Dziko lopeka la Tormenta linabadwira kumeneko mu 1999 m'magazini ya Dragão Brasil, ndipo pa YouTube pali magulu ambiri osewera poonekera, amene munthu angaphunzirepo kayendetsedwe ka masewerawa. Mwana wa sukulu angokumbukira kuti Chipwitikizi cha ku Brazil chimasiyana pang'ono ndi chimene aphunzitsi amafuna pa mayeso. Kwathu, Virgília Ferrão, kudzera pa tsamba lake la Diário de uma Qawwi, anasonkhanitsa nkhani za olemba a mu Africa m'buku la Espíritos Quânticos.

Mabuku akale ali pa Project Gutenberg, laibulale imene Michael Hart anaiyamba mu 1971 ndipo lero ili ndi mabuku oposa 70,000. Ambiri ndi aulere mwalamulo chifukwa nthawi ya umwini wake inatha malinga ndi malamulo a ku America. M'mayiko ambiri, monga Portugal ndi Brazil, nthawiyo ndi zaka 70 wolemba atamwalira. Mmenemo muli nthano za abale a Grimm, Alice in Wonderland ya mu 1865, ngakhalenso Os Lusíadas ya Camões ya mu 1572, mmene muli chiphona Adamastor chotchinga njira ya panyanja kumwera kwa Africa. Camões mwiniwakeyo anakhalako pa Ilha de Moçambique. Mafayilo a mabuku atsopano amene amayenda m'magulu a WhatsApp ndi nkhani ina: wolemba salandirapo kanthu, ndipo ena amabwera ndi mavairasi.

Wattpad ndi Royal Road ndi malo amene aliyense amaikapo zolemba zake popanda mkonzi. Muli golide, mulinso mankhusu ambiri. Vutoli lakula chifukwa cha makina olemba okha: mu Febuluwale 2023 Clarkesworld inayamba yatseka kulandira nkhani kwa kanthawi chifukwa inasefukira ndi mazanamazana a nkhani zolembedwa ndi makina. N'chifukwa chake dzina la mkonzi lili ndi phindu. Magazini imene ili ndi munthu wodziwika wosankha nkhani, ndiponso imalipira olemba ake, yakuchitirani kale ntchito yopeta.

Nanga m'Chinyanja?

Apa ndiye pali dzenje. Tsamba la African Storybook, la bungwe la Saide la ku South Africa, lili ndi timabuku ta zithunzi m'zinenero zambiri za mu Africa, Chinyanja chili momwemo, ndipo limalola aliyense kumasulira kapena kulemba kake. Koma n'ta ana aang'ono. Wa zaka 15 wofuna nkhani yaitali yodabwitsa m'chinenero chake amapeza zochepa kwambiri. N'zomvetsa chisoni, poganizira kuti maphunziro a zinenero ziwiri mu Mozambique anayesedwa koyamba m'zaka za m'ma 1990 ku Gaza ndi kuno ku Tete, m'Chichangana ndi m'Chinyanja. Ana amaphunzira kuwerenga chinenero chawo, kenako n'kusowa chowerenga.

Zomangira zilipo zambiri. Pali Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama a m'malire mwathu ndi Malawi, kumene makolo amati anthu oyamba anatsikira ndi mvula n'kusiya mapazi pathanthwe, ndi Chauta amene anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude munthu atayatsa moto. Pali ufumu wa Undi, umene likulu lake la Mano linali m'chigawo chino. Steve Chimombo wa ku Malawi anaonetsa kale njira polemba za Napolo ndi za Mbona. Koma si zonse zimene zili zotola. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005 m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia, ali ndi eni ake ndi zinsinsi zake za kudambwe, ndipo wolemba wofuna kuyandikira kumeneko ayenera kuyamba wakhala pansi ndi akuluakulu. Tolkien ankatapa m'zikhulupiriro zimene eni ake anazisiya kalekale. Zathu zikadali zamoyo.

Chinenero chochepa mphamvu pa intaneti sichitsekereza nkhani. Mu 2016 gulu la olemba la Jalada Africa linafalitsa nthano ya Ngũgĩ wa Thiong'o yonena za mkangano wa miyendo ndi manja, yolembedwa m'chinenero cha Gikuyu, pamodzi ndi mamasuliridwe ake m'zinenero zoposa 30, ndipo ena akhala akuwonjezera kuyambira pamenepo.

Masewera a patebulo ndiwo osavuta kuyamba, chifukwa amaseweredwa m'chinenero chilichonse chimene osewera amalankhula. Mu Januwale 2023 kampani ya Wizards of the Coast, mwini wa Dungeons & Dragons, inamasula malamulo oyambira a masewerawa pansi pa chilolezo cha Creative Commons. Zimenezi zikutanthauza kuti mphunzitsi wa ku Tsangano kapena wophunzira wa pa yunivesite ya UniZambeze ku Ulónguè angawamasulire m'Chinyanja, kuwasintha ndi kuwagawa mwalamulo, malinga atchule kumene achokera. Dayisi ya mbali 20 ikasowa m'sitolo, timapepala 20 tolembedwa manambala n'kuikidwa m'chipewa timagwira ntchito yomweyo, bola kapepala kotoledwako kazibwezedwa m'chipewa wina asanatole.